Atandisudzula Ndinangoti Zikomo

Mkazi wanga anamwalira chimanga chitauma m'munda, tisanakolole. Tinali titakhala pabanja zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo anandisiyira ana atatu, onse aakazi. Wamkulu anali atangoyamba sekondale, wapakati ali ku pulayimale, wotsiriza ali ndi zaka zinayi, kamwana koti kankaliririrabe kuberekedwa kumbuyo.

Kwathu ndi ku Chitala, koma ndinakwatira chikamwini m'mudzi wina kufupi ndi nkhalango ya Kuti. Nyumba ndinamanga pamalo a akuchikazi, munda ndinkalima wa akuchikazi, ndipo m'mawa uliwonse ndinkapita ku Senga Bay kumene ndimachapa ndi kusita nsalu pa loji ina mpaka lero. Kutchalitchi ndine mkulu wa mpingo, abusa akakhala kwina guwa amandipatsa ine. Sindikunena izi modzitama ayi. Ndikufuna mudziwe kuti munthu amene anachita zopusa zimene ndifotokozezi sanali munthu wosadziwa Baibulo.

Nyumba ya apongozi anga, mayi ake a mkazi wanga, inayang'anizana ndi yathu, pakati pali nkhokwe ndi mtengo wa mango. Zaka zonsezo sindinapondemo m'nyumba mwawo, ndipo nkhope yawo sindinaiyang'anepo maso ndi maso. Tikakumana panjira ya kumjigo iwo ankapatuka n'kugwada cham'mbali, ine n'kuvula chipewa, moni tikupatsana aliyense akuyang'ana kwake. Achinyamata a lero amaziseka zimenezi. Mkamwini wa lero amafika pakhonde la apongozi foni ili kukhutu, n'kukhala pampando wawo, mwendo pamwamba pa unzake. Ife tinaleredwa kuti apongozi umawaopa, ndipo kuwaopako ndiwo ulemu wake. Sikunali kudana.

Nkhani zonse zinkadzera mwa mkazi wanga. Ndikabwera ndi usipa kuchokera kunyanja, iye ndiye ankapatula gawo lawo n'kukapereka, pobwera n'kundiuza kuti, "Amayi athokoza, koma akuti mcherenso unatha." Denga lawo likamadontha ankauza mwana wawo, mwana wawo n'kuuza ine, ine n'kukafolera iwo ali kumunda. Nthawi zina ndinkamukayikira kuti amawonjezeramo zake. Ndinkamufunsa kuti, "Chitenje chimenechi anenadi amayi, kapena chikufunidwa ndi iwe?" Iye ankangoseka n'kundiuza kuti ngati sindikukhulupirira ndikawafunse ndekha, akudziwa bwino lomwe kuti sindingayerekeze.

Maliro atatha, anthu atabalalika, m'pamene ndinazindikira kuti ine ndi apongozi tinalibenso wotinenera. Iwo anayamba kuphikira ana, ana n'kumadyera kwa agogo awo, wotsiriza uja n'kumagonanso komweko. Lero ndikudziwa kuti ankangondipeputsira katundu. Koma nthawi imeneyo ndikaweruka kuntchito n'kupeza nyumba ili zii, mbale yanga yovundikira ili patebulo, ndinkati basi, ayambapo kundilanda ana.

Patapita miyezi isanu ndi umodzi anabwera alamu anga, mlongo wake wamkulu wa malemu, amene ndi mwini mbumba pamudzipo. Ine ndi iwo sitinkamwerana madzi kwenikweni chiyambire pamene mbuzi zawo zinandithera chinangwa. Ndi munthu wolankhula mouma, ngakhale moni wawo umamveka ngati akukuitanira kubwalo la milandu. Anandiuza kuti akuluakulu agwirizana tsiku londisudzula.

Kusudzula n'kwakuti munthu akaferedwa mkazi kapena mwamuna, achibale a malemu amamumasula pamaso pa ankhoswe kuti asakhalenso womangika. Akafuna kukwatira akwatire, akafuna kubwerera kwawo abwerere. Kwa mkamwini nkhaniyi imalemera, chifukwa ana ndi a kuchikazi. Ukachoka umanyamula zovala zako ndi makasu ako, ana amatsala. Ine ndinachita mantha, sindibisa. Mkazi wina sindinkamufuna, ku Chitala sindinkakufuna. Ndinkangofuna kudzuka m'mawa n'kumamva ana anga akukanganirana sopo kuseri kwa nyumba. Mumtima ndinati, apongozi akangonena liwu limodzi loti ndikhale, ndikhala mpaka imfa. Koma ndinatsimikizanso kuti ine sindipempha, chifukwa sindinabwere pamudzi paja ngati wosowa kwawo.

Tsikulo linali Loweruka m'mawa. Tinakhala pansi pa mango paja, amuna pamipando, amayi pamphasa chapatali. Nkhoswe yanga inali achimwene anga aakulu, amene anabwera kuchokera ku Chitala dzulo lake. Apongozi anakhala kumapeto kwa mphasa atatifulatira, chitenje atafunda kumutu. Titapemphera, alamu anakonza kukhosi n'kuyamba.

"Alamu, mawu awa ndi a amayi, ine ndangotumidwa. Akuti mwatisunga bwino. Akuti mwana wawo munamudwazika mpaka mapeto, sakukudandaulani kanthu. Koma akuti inu mukadali ndi mphamvu, ndipo iwo alibe mwana wina wamkazi woti angakupatseni. Akuti musadzimangirire pa nkhalamba ndi pa manda. Bwererani kwanu mukapeze mtendere, ana tilera ife."

Abale, ndinapsa mtima! M'mawu onsewo khutu langa linangotola limodzi lokha: bwererani. Zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri ndikulima munda wawo, ndikufolera denga lawo, ndikukumba manda a abale awo, lero akundiuza kuti ndibwerere ngati waganyu amene wamaliza ndime yake? Achimwene anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Yankha bwino, mphwanga, akufuna amve maganizo ako." Nkhoswe ya kuchikazi inandifunsa ngati ndinali ndi mawu. Inafunsanso kachiwiri, kenaka kachitatu, ikundiyang'ana modabwa. Ine ndinawomba m'manja mwaulemu wonse umene ndinaphunzitsidwa, n'kunena kuti, "Zikomo. Ndamva."

Kenaka apongozi anadzuka pang'onopang'ono, n'kukalowa m'nyumba mwawo osacheuka. Ine ndinati, waona, ntchito yawo yatha, akukapuma.

Ndinachoka Lolemba. Ndikumanga katundu, mwana wanga wamkulu anaima pakhomo akulira, n'kundifunsa kuti, "Ababa, bwanji osakalankhula ndi agogo?" Ndinamukalipira. Ndinati, "Iwe, za akuluakulu uzisiye! Unaona liti ine ndikulankhula ndi agogo ako?" Mwa zonse zimene ndinachita chaka chimenecho, kukalipira mwana ameneyo n'kumene kumandiwawa kwambiri, chifukwa mwa tonsefe iye yekha ndi amene ananena zanzeru.

Ku Chitala sindinapite. Ndinapeza kachipinda ka lendi kuseri kwa msika ku Senga Bay, kufupi ndi ntchito. Ana ndinkawaona kamodzi pamwezi, koma m'mudzi sindinkalowa. Ndinkawaitanitsa kumsewu, pamene amatsikira anthu a minibasi, n'kuwapatsa sopo, makope ndi mabanzi, kucheza nawo pang'ono titaimirira, n'kubwerera. Ine kupondanso pamudzi pamene anandithamangitsa? Ndinkati ayi ndithu, bola ndife. Tsiku lina wamkulu uja anati, "Agogo amafunsa ngati mukudya bwino." Ndinayankha kuti, "Akufunsiranji? Si anandichotsa okha?" Kuyambira pamenepo mwanayo sanandibweretserenso uthenga wina.

Masiku amenewo Baibulo ndinkaliwerenga kwambiri, koma ndinkaliwerenga ngati munthu amene akufunafuna mboni pa mlandu wake. Ndinakakamira pa nkhani ya mkulu uja wopanda mwana, amene Mulungu anamutulutsa panja n'kumuuza kuti awerenge nyenyezi. Mkuluyo anakhulupirira, ndipo Mulungu anachita naye pangano monga ankachitira anthu akale: nyama zinadulidwa pakati, mbali iyi apa, mbali iyo apo, kuti opanganawo adutse pakati pake. Ndikawerenga pamenepo ndinkati, eya, pangano ndi la anthu awiri, ine mbali yanga ndinasunga, amene anaphwanya ndi iwo. Ku mpingo wa kunyanjako atandipatsa guwa ndinalalikira za anthu osasunga pangano mpaka thukuta kamukamu. Amayi ena potuluka anandigwira chanza n'kunena kuti lero Mzimu unatsika. Sunali Mzimu umenewo, unali mkwiyo wanga.

Ndinakhala choncho madzinja awiri. Tsiku lina ndili mkati mosita nsalu za pabedi, foni inalira. Anali alamu. Anati amayi agwa kumunda, afa ziwalo mbali imodzi, kuchipatala awabweza, ndipo akundiitana. Ndinatsala pang'ono kuwafunsa kuti akundiitaniranji munthu amene anamusudzula. Koma mawu a alamu tsiku limenelo sanali ouma monga mwa masiku onse. Ndinapempha chilolezo kwa abwana n'kunyamuka masana omwewo.

Nditafika ndinakhala pansi pa mango paja kudikira kuti wina atuluke ndi uthenga. Alamu anatuluka n'kunena kuti, "Lowani."

"Ndilowe? M'nyumba mwa apongozi?"

"Akuti mulowe, alamu. Musawachedwetse."

Ndinavula chipewa n'kulowa chowerama. Anagona pamphasa atayang'ana kukhoma. Ndinakhala pafupi ndi chitseko, maso pansi.

"Bambo, mwabwera?" Mawu awo ankatuluka movutikira, lilime litalemera.

"Ndabwera, amayi."

"Senderani kuno. Za manyazi zinatha, ine ndatsala pang'ono."

Ndinasendera. Kenaka anati, "Tsiku lija munandiliza kuposa tsiku la maliro."

Ngakhale pamenepo, pamaso pa munthu wodwala, mtima wanga woipawu unadzuka. Ndinati, "Ine, amayi? Si inu munanena kuti ndibwerere kwathu?"

"Ndinanena. Nanga ndikananena chiyani? Ndikanati khalani, anthu akanati nkhalamba yamanga mwana wa eni kuti aziilimira. Inunso mukanakhala chifukwa cha ulemu, mtima uli kwina. Ife mbali yathu ndi kumasula. Kukhala kumachokera kwa inu." Anatsokomola, ine n'kuwadikira. "Inu nomwe munalalikira m'tchalitchi mwathu muja, chaka chimene madzi anasefukira, za mayi uja amene anaferedwa mwamuna ndi ana ake aamuna kudziko la eni. Munati anauza akazi a ana akewo kuti abwerere kwawo, poti analibe ana ena oti awapatse. Wina anapita, wina anakakamira. Ine sinditha kuwerenga, bambo, nkhani imeneyo ndinaimva pakamwa panu. Mawu a mayi ameneyo ndinawapatsira dala alamu anu kuti akanene. Ndinati, munthu wa Mulungu uyu akawamva awazindikira, ndipo akana. Ndinakhala pamphasa paja ndikudikira kuti mukane. Anakufunsani katatu. Inu n'kuti zikomo."

Ulaliki umenewo ndinaukumbukira bwinobwino, ndinakumbukira ngakhale jekete imene ndinavala. Ndinakumbukira mmene ndinamutamandira mkazi wachilendo uja, amene anauza apongozi ake kuti asamuumirize kuwasiya, kuti kumene iwo apite iyenso apita, ndipo anthu awo adzakhala anthu ake. Ndinafuula paguwa kuti chikhulupiriro n'chimenecho. Koma mawu omwewo atandipeza pansi pa mango, atavala chitenje cha apongozi anga, sindinawadziwe.

"Amayi, nanga bwanji simunatume munthu kudzandiuza?"

"Ndikanatuma yani? Wondinenera kwa inu ndi amene tinamuika m'manda. Mlongo wakeyu ndikamupatsa mawu ofewa, amafika kwa inu atauma gwa. Nanga inu, bwanji simunatume?"

Atatero anayesa kutembenuka koma analephera. Ndinawagwira paphewa n'kuwathandiza, koyamba m'moyo wanga kuwakhudza, ndipo ndinawayang'ana kumaso. Pakamwa panali patapotokera mbali imodzi, koma mphuno, chipumi ndi maso zinali za mkazi wanga. Ndinaona nkhope imene iye akanakhala nayo akanakalamba. Ndinalira mokweza ngati mwana, mpaka alamu anasuzumira pakhomo kuganiza kuti zachitika.

Nditatuluka, alamu ananditengera kunyumba yanga ija. Ndinkaganiza kuti ndipeza asungamo chimanga kapena akugonamo anthu ena. Ndinapeza pansi pozira bwino, bedi lili pomwe ndinalisiya, ngakhale msomali umene ndinkakolekapo chipewa uli pomwepo. Alamu anati, "Ndinafuna kuikamo matumba, amayi anandikaniza. Chaka chilichonse amati tifolere, mwini wake abwera." Kenaka anawonjezera mwa chizolowezi chawo chija, "Ife sitinakuthamangitseni, alamu. Munathamanga nokha." Tsiku lina lililonse ndikanawayankha, koma tsiku limenelo ndinangovomera.

Nditabwerera ku nkhani ya pangano ija ndinaona chimene ndinkachidumpha madzinja awiri onse. Nyama zitadulidwa, mkulu uja sanadutse pakati pake. Anagwidwa tulo tatikulu, ndipo amene anadutsa ndi Mulungu yekha, ngati utsi ndi moto. Ine ndinkaphunzitsa anthu kuti pangano limaima pokhapokha onse awiri akasunga mbali zawo, chonsecho pangano limene chikhulupiriro chathu chatsamirapo analisenza mmodzi, mnzake ali m'tulo. Pamudzi paja amene anasenza anali mayi wosadziwa kuwerenga, akufoleretsa nyumba ya munthu amene sankafuna n'komwe kumva moni wawo.

Mu nkhani ya mkazi wachilendo ija mulinso munthu wina amene sindinkamulabadira polalikira. Mayi uja ndi mpongozi wake atabwerera kwawo ali amphawi, panafunika wachibale woti awaombole, atenge munda wa malemu ndi kusamala amasiyewo kuti banja lisafafanizike. Amene anali woyamba pa udindowo anafunsidwa pabwalo pamaso pa akuluakulu. Anaona kuti zimuwonongera zake, anakana mwaulemu, n'kuvula nsapato yake kupereka kwa wina ngati chizindikiro. Baibulo silitchula ngakhale dzina lake. Nthawi zonse ndinkadziika pamalo a wachibale wachiwiri uja, wachifundo, amene anavomera kuombola. Koma wofunsidwa pabwalo n'kuyankha mwaulemu kuti zimupitirire ndinali ine. Iye ankateteza chuma chake, ine ndinkateteza kunyada kwanga, ndipo sindikuona kuti wina anaposa mnzake.

Sabata yomweyo achimwene anabweranso kuchokera ku Chitala, ankhoswe anakhalanso pansi, ndipo ndinanena pamaso pa onse mawu amene ndinayenera kunena poyamba paja: kuti sindikufuna kupita kulikonse, kuti pano mpakwathu, ndipo akadzandiika adzandiike pafupi ndi mkazi wanga. Achimwene pobwerera anandiuza kuti, "Ukanangotero kale, tikanapulumutsa ndalama ya minibasi." Apongozi anakhala ndi moyo miyezi ina isanu. M'mawa ndisanapite kuntchito ndinkawanyamula kuwatulutsa padzuwa, madzulo n'kuwalowetsa. Tinacheza zambiri m'miyezi imeneyo, ndipo ndinadziwa kuti chitenje chija sanapemphe ndi iwo.

Ndimakhulupirira kuti Ambuye anandiombola, ndipo sindinena mawu amenewa mopepuka monga ndinkachitira kale. Anandibwezera pamalo amene ndinawataya ndekha, popanda chimene ndinachita choti ndiyenerere. Koma ndaphunziranso kuti munthu akaomboledwa, si zonse zimene zimabwerera mmene zinalili. Zaka ziwiri zija palibe amene anandibwezera, ndipo amene anazilipira kwambiri si ine.

Tsiku limene ndinabwera ndi katundu wanga, ana awiri aakulu anandithamangira. Wotsiriza uja, amene tsopano anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, anaima patali. Mkulu wake atamukankha kuti akandipatse moni, anabwera n'kugwada chapatali monga amagwadira ana pamaso pa mlendo, manja ali pamodzi.

"Muli bwanji?"

"Ndili bwino, mwana wanga, kaya iwe?"

"Ndili bwino. Mupita nthawi yanji?"

Sanafunse mwamwano. Ankangofuna kudziwa, chifukwa bambo amene iye ankawadziwa anali munthu wobwera ndi mabanzi kumsewu, woyang'ana dzuwa kawirikawiri, kenaka n'kukwera minibasi. Ndinamuuza kuti sindipitanso. Anangogwedeza mutu mwaulemu n'kubwerera kwa agogo ake.

Kwa miyezi yambiri, m'mawa uliwonse ndinkamva chitseko chikutseguka pang'ono. Kamwanako kankasuzumira, kakaona kuti ndilimo n'kutsekanso. Lero ndi mtsikana wamkulu, ali ku sekondale, amandiseka ndi imvi zanga ndipo amandilanda wailesi. Koma ndikamatuluka kupita kuntchito, ngakhale akhale ali kuseri akutsuka mbale, amasiya zonse n'kubwera kudzaima pakhomo.

"Ababa, mubwera?"

Ndimamuyankha kuti ndibwera. Amandiyang'anabe mpaka nditakhota pa mjigo.